Lachitatu ku Nsanje, pa doko lopanda sitima

Lero kunayamba kutentha m'mamawa. Ndinaperekeza atsibweni ku boma kukagulitsa mbuzi, ndipo malonda atatheka anati titsikire kumtsinje tikapitidwe mphepo.

Tinakaima pa doko lija analitsegulira a Bingu wa Mutharika mu Okotobala 2010. Simenti ija idakalipo, koma m'ming'alu mwamera udzu. Zoyenda pamadzipo ndi mabwato a asodzi ndi a anthu oolokera tsidya la Mozambique basi. Mayi wina amachapa chapafupi, maso ali pamadzi kuopa ng'ona.

Atsibweni akamakamba zakale samati Nsanje, amati Port Herald. "Mphwanga, kuno kunali khomo la dziko lonseli," anatero akukupiza chipewa kumaso. Sanali kukokomeza. Katundu wochokera kutsidya kwa nyanja ankatsitsidwa ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kumukweza m'sitima zing'onozing'ono zokwera Zambezi ndi Shire. Madzi a Shire atayamba kuchepa, sitimazo zinkatitimira mumchenga zisanafike ku Chiromo, kumtunda kwa kuno. N'chifukwa chake njanji ya ku Blantyre, yomwe inatha mu 1908, inayambira kuno. Koma nakonso kuno chilimwe madzi sankadalirika, moti mu 1915 njanji anaitalikitsa mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mlatho wa Dona Ana, wowoloka Zambezi, utatsegulidwa mu 1935, sitima yapamtunda inayamba kuchoka ku Beira mpaka ku Blantyre osatsitsa katundu panjira, doko lathu n'kutha ntchito.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine si dokolo, ndi njanjiyo. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, kenako mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, pafupi ndi Bangula, ife a kumunsi kuno n'kutsala patokha. Atsibweni ankakweza thonje ndi nsomba zouma pa sitima kupita nazo ku Limbe ndi ndalama yochepa. Lero zonsezo zimadikira lole yokwera mapiri a Thabwa, ndipo mtengo wa ulendowo umagwera mlimi yemweyo. Ana obadwa pambuyo pake anakula akudziwa njanji ngati podyetsera mbuzi.

Pobwerera tinakwera kabaza. Wanga anaphulika tayala titangodutsa msika, ndiye ndinayenda pansi kotsalako. Atsibweni akuti Loweruka tipite ku Bangula akandionetse pomwe madzi anaduliramo.