Zimene Munthu Amaona Akakhala pa Benchi ku Oktoberfest

Anthu ambiri akamva za Oktoberfest amaganiza kuti ndi mwezi wathunthu wa Okutobala umene Ajeremani amangokhalira kuledzera popanda wowaletsa. Kunena zoona, masiku ambiri a chikondwererochi amagwa mu Seputembala. Chimayamba Loweruka lina chapakati pa mweziwo, n'kutha Lamlungu loyamba la Okutobala, kapena pa 3 Okutobala, tsiku lokumbukira kugwirizananso kwa dziko la Germany, ngati Lamlungulo lafulumira kugwa pa 1 kapena pa 2. Kuledzera kulipo ndithu, ndipo ndikufotokoza mosabisa, koma chimene chinandidabwitsa nditafika mumzinda wa Munich, kumene chimachitikira, ndi kuchuluka kwa malamulo ndi kwa anthu ogwira ntchito yakalavulagaga amene amachititsa kuti khamu la anthu oposa mamiliyoni asanu ndi limodzi lidye, limwe, liimbe, kenako libwerere kwawo mkati mwa masiku 16 mpaka 18 okha.

Chiyambi chake sichinali mowa ayi. Pa 12 Okutobala 1810, kalonga Ludwig, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu Ludwig I ya Bavaria (dera limene muli mzinda wa Munich), anakwatira Therese wa ku Saxe-Hildburghausen, ndipo anthu a mumzindawo anaitanidwa kudzaonerera mpikisano wa akavalo pa dambo lina limene panthawiyo linali kunja kwa mzinda. Dambolo linatchulidwa dzina la mkwatibwi, Theresienwiese, ndipo eni mzinda amangolifupikitsa kuti Wiesn. Mpikisano wa akavalowo unatha kalekale, mzinda unakula n'kulizungulira bwalolo, koma mwambo wosonkhana unapitirira, kupatula zaka za nkhondo, za mliri wa kolera monga 1854 ndi 1873, ndiponso 2020 ndi 2021 pamene kunali COVID-19.

Njira yofikira kumeneko siisowa, chifukwa munthu ukangotsika sitima yapansi panthaka, ya U4 kapena U5, khamu lokha limakutenga. Kulowa m'bwalo ndi kwaulere, chimodzimodzinso kulowa m'mahema, ndipo zimenezi zimadabwitsa alendo amene amayembekezera kugula tikiti. Koma pachipata pamakhala alonda, ndipo chikwama chachikulu sichiloledwa: muyeso wake ndi wa malita atatu, kutanthauza kathumba kongokwana foni ndi ndalama. Pafupi ndi chipata chachikulu pali chikumbutso chimene anthu ambiri amachidutsa mothamanga. Pa 26 Seputembala 1980 panaphulika bomba limene linapha anthu 13, kuphatikizapo amene analitchera, n'kuvulaza ena oposa 200. Ine ndinaima pamenepo kwa kanthawi, ndipo kuyambira apo sindinadandaulenso ndi kufufuzidwa kwa zikwama.

Amawatcha mahema, koma ndi nyumba zikuluzikulu zamatabwa ndi zitsulo zimene amisiri amayamba kumanga miyezi ingapo chikondwerero chisanayambe, n'kudzaziphwasulanso chikatha. Aakulu alipo 14, ndipo ena mwa iwo amatha kulandira anthu pafupifupi 10,000 mukaphatikiza mipando yakunja. Hema lililonse lili ndi khalidwe lake. La Hacker denga lake analijambula mitambo ndi thambo labuluu. La Löwenbräu lili ndi chifanizo cha mkango pamwamba pa khomo chimene chimabangula nthawi ndi nthawi. La Hofbräu ndilo limakonda kudzaza ndi alendo akunja, pamene eni mzinda ambiri amayamikira la Augustiner chifukwa mowa wake umatungidwabe m'migolo yamatabwa. Makampani ofulula amene amaloledwa kugulitsa mowa m'mahema akuluakuluwa ndi asanu ndi limodzi: Augustiner, Hacker-Pschorr, Hofbräu, Löwenbräu, Paulaner ndi Spaten. Onsewa ndi a mumzinda wa Munich, chifukwa mowa wofululidwa kunja kwa malire a mzindawo suloledwa, ngakhale utakhala wa ku Bavaria komweko.

Lamulo limene limalamulira tsiku lonse la mlendo ndi lakuti munthu woimirira sagulitsidwa mowa. Kupatula malo ena apadera a m'hema la Hofbräu, uyenera kupeza pokhala kaye. Matebulo ambiri amasungitsidwa miyezi yambiri isanafike nthawi, kawirikawiri tebulo lathunthu la anthu asanu ndi atatu kapena khumi, ndipo osungitsawo amalipiriratu chakudya ndi chakumwa. Amene sanasungitse amayendayenda pakati pa mizere, maso ali tcheru, kufunafuna mpata pa benchi. Loweruka mahema amatha kutsekedwa chifukwa chodzaza dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo, pamene mkati mwa mlungu, masana, munthu amapeza malo mosavutikira.

Lamuloli poyamba limaoneka ngati nkhanza, koma ndilo gwero la chinthu chokoma kwambiri pa chikondwerero chonse. Popeza palibe tebulo la munthu mmodzi kapena awiri, umakakamizika kupempha anthu osawadziwa kuti akusunthire, ndipo ukakhala, mapewa anu amakhudzana mpaka nthawi yonyamuka. Ine ndinakhala pakati pa banja lina lachikulire la ku Bavaria ndi anyamata ochokera ku Italy, ndipo ngakhale zilankhulo zinali zosiyana, posakhalitsa tinali kugawana buledi ndi kusungirana malo wina akapita kuchimbudzi. Ajeremani, amene m'sitima amakhala chete osayang'anana, pa benchi imeneyi amasanduka anthu ochezeka, ndipo bambo wachikulire uja anatenga udindo wondiphunzitsa kuti pogundanitsa zikho uyenera kumuyang'ana mnzako m'maso, ndiponso kugundanitsa kumunsi kumene galasi n'lochindikala.

Mowa umabwera mu chikho chimodzi chokha, chagalasi, cha lita yathunthu, chimene amachitcha Maß. Chikhocho chisanathiridwe kanthu chimalemera kuposa kilogalamu imodzi. M'zaka zaposachedwapa mtengo wake wakhala pafupifupi mayuro 15, ndipo chaka chilichonse mtengo watsopano ukalengezedwa, nyuzipepala za ku Munich zimadandaula, koma anthu n'kupitabe. Mowawu amaufulula mwapadera chifukwa cha chikondwererochi, ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi 6 peresenti, kuposa mowa wamasiku onse wa kumeneko. Apa ndi pamene alendo ambiri amagwera m'mbuna, popeza mowawo ndi wozizira, wosawawa kwambiri, wotsika bwino pakhosi, ndipo munthu amawerenga zikho m'malo mowerenga malita. Amene sakumwa mowa sasowa chochita: pali mowa wopanda mphamvu yoledzeretsa, pali Radler umene ndi mowa wosakaniza ndi chakumwa chamandimu, paliponso madzi, ngakhale kuti nawonso m'hema mtengo wake ndi wokwera.

Anthu amene ndinawayang'anitsitsa kwambiri ndi operekera mowa, amene ambiri mwa iwo ndi amayi. Mayi mmodzi amatha kunyamula zikho khumi kapena kuposerapo nthawi imodzi, atazipanikiza pachifuwa, zigwiriro zonse zili m'manja, katundu woposa makilogalamu 20, n'kumadutsa naye pakati pa anthu ovina amene sakuona kumene akuponda. Ena amaimba wezulo kuti apatsidwe njira, ndipo amene wamva wezuloyo ndi bwino apatuke msanga. Amachita zimenezi kuyambira m'mawa mpaka usiku, tsiku ndi tsiku, kufikira chikondwerero chitatha, ndipo ena amakhala atamanga nsalu m'mikono chifukwa cha kupweteka. M'mahema ambiri woperekerayo amagula yekha mowawo kwa mwini hema n'kukugulitsa, choncho phindu lake limachokera pa kagawo ka chikho chilichonse ndi pa kangachepe kamene omwa amamuonjezera. Ichi n'chifukwa chake amafuna ndalama nthawi yomweyo, osati pamapeto, ndipo sakhala ndi nthawi yodikira munthu amene akufufuza m'matumba. Ena amati amayiwa ndi aukali. Ine ndinaona anthu odziwa ntchito yawo, okumbukira oda ya tebulo lonse m'phokoso loti sungamve mnzako wapafupi, ndiponso odziwa kuletsa mlendo wopitirira malire ndi diso lokha.

Za chakudya sindichedwapo. Chotchuka ndi theka la nkhuku yootcha, Hendl, yakhungu lokhukhuta ndi lamchere, imene anthu amadya ndi manja. Palinso mwendo wa nkhumba wootcha, masoseji, nsomba zootcha pakamtengo za ku hema la Fischer-Vroni, ng'ombe zathunthu zootchedwa pachitsulo chozungulira ku Ochsenbraterei, ndi buledi wamkulu wopotana wowazidwa mchere wotchedwa Brezn. Zonsezi n'zamchere ndi zamafuta, ndipo aliyense angathe kuona yekha chifukwa chake.

Hema limasintha nkhope malinga ndi nthawi. Masana gulu loimba ndi malipenga limaimba nyimbo zachikhalidwe cha ku Bavaria, ndipo kuyambira 2005 pali lamulo lochepetsa phokoso mpaka 6 koloko madzulo, kuti mabanja ndi achikulire asathawe. Nthawi imeneyi umaona agogo ali ndi zidzukulu, antchito a kampani imodzi akudya nkhomaliro, anthu akucheza momvana. Pakangopita mphindi zingapo oimba amayambitsa kanyimbo kakafupi kofunirana zabwino, ndipo hema lonse limakweza zikho m'mwamba. Ndinazindikira msanga kuti kanyimboka kamathandizanso malonda, chifukwa kakatha aliyense amayenera kumwako. Madzulo nyimbo zimasanduka zamakono, anthu zikwizikwi amakwera pa mabenchi n'kumaimba atagwirana mikono, matabwa akunjenjemera pansi pa mapazi. Ngakhale pamenepa malire alipo: kuima pa benchi n'kololedwa, koma kukwera pa tebulo kumakutulutsa panja, kusuta m'hema n'koletsedwa, ndipo chikho si chako, moti alonda amalanda zikho zikwi zambirimbiri chaka chilichonse kwa anthu ofuna kupita nazo kwawo.

Zovala nazo zimakopa maso. Amuna amavala akabudula achikopa, Lederhosen, ndipo akazi amavala diresi yokhala ndi epuloni, Dirndl. Mfundo ya epuloniyo imati ikakhala kumanzere ndiye kuti mkaziyo sali pabanja, kumanja ndiye kuti ali ndi mwamuna, kumbuyo ndiye kuti ndi wamasiye kapena woperekera. Palibe amene amakakamizidwa kuvala zimenezi, ndipo mwa kuona kwanga ndi bwino kupita ndi zovala zako zaulemu kusiyana ndi kugula zotchipa zonyezimira zimene zimagulitsidwa pafupi ndi siteshoni, zomwe eni dera amaziyang'ana ndi diso lachifundo.

Mbali yoipa ilipo, ndipo imaonekera poyera kumadzulo kwa bwalo, pa kachitunda kaudzu kamene kali kumbuyo kwa mahema, kufupi ndi chifanizo chachikulu chamkuwa cha mkazi woimira dera la Bavaria. Pamenepo pamagona anthu amene mowa wawagonjetsa, ena akusanza, ena ali chikomokere, ndipo ndi malo amene akuba ndi anthu amaganizo oipa amapezerapo mwayi. Ogwira ntchito zachipatala amayenda ndi machira okhala ndi matayala ndi chophimba, kuti wodwalayo asajambulidwe ndi odutsa. Pali apolisi ambiri, ndiponso malo apadera othandizira amayi ndi atsikana amene avutitsidwa kapena asokonekera. Kukhalapo kwa malo amenewa n'kwabwino, koma kukusonyezanso kuti vutolo ndi lenileni, makamaka usiku wa Lachisanu ndi Loweruka. Ndinaona mkangano wina ukubuka pa nkhani ya malo okhala, ndipo alonda anauzimitsa usanakule, komabe chikho cholemera chotere chikakhala m'manja mwa munthu wokwiya ndi chida choopsa.

Kunja kwa mahema kuli dziko lina limene zithunzi zambiri sizilionetsa. Gawo lalikulu la bwalo ndi la masewera: gudumu lalikulu lotalika pafupifupi mamita 50 limene limakuonetsa mzinda wonse, sitima zothamanga mozondoka, ndi masewera akale monga Teufelsrad, thabwa lozungulira limene anthu amakhalapo n'kumaponyedwa kumbali mmodzimmodzi owonerera akufa ndi phwete. Lachiwiri ndi tsiku la mabanja ndipo mitengo ya masewera imatsika. Kumwera kwa bwalo kuli Oide Wiesn, gawo limene linayamba mu 2010 pokumbukira zaka 200 za chikondwererochi. Kumeneko amalipiritsa mayuro ochepa polowa, mowa umaperekedwa m'zikho zadongo, ndipo anthu amavina magule achikhalidwe pa bwalo lamatabwa. Ngati munthu wina atandifunsa kumene ndinasangalala kwambiri, ndingatchule kumeneko mosazengereza.

Amene akufuna kuona mwambo weniweni afike Loweruka lotsegulira, pamene eni mahema amalowa m'bwalo ndi ngolo zamigolo zokokedwa ndi akavalo okongoletsedwa. Tsiku limenelo palibe mowa umene umaperekedwa 12 koloko masana isanakwane, ngakhale anthu atakhala pa benchi kuyambira m'mawa. Nthawiyo ikakwana, meya wa Munich amakhomera mpopi mu mgolo woyamba m'hema la Schottenhamel n'kufuula kuti "O'zapft is!", kutanthauza kuti mgolo watsegulidwa, mwambo umene unayamba mu 1950 ndi meya Thomas Wimmer, ndipo anthu amawerenga kuti wamenya kangati ndi nyundo yake yamtengo. Mawa lake, Lamlungu, kumakhala mdipiti wa anthu zikwi zingapo ovala zachikhalidwe, umene umadutsa pakati pa mzinda.

Usiku uliwonse mahema ambiri amasiya kupereka mowa 10:30, ndipo pofika 11:30 amakhala atatseka, kupatula la Käfer ndi la vinyo amene amapitirira mpaka 1 koloko. Khamu lonse limakhamukira ku sitima nthawi imodzi, moti anthu odziwa amayenda pansi kupita ku siteshoni ina monga Goetheplatz kapena Hackerbrücke m'malo mopanikizana pa Theresienwiese. Malo ogona mu Munich m'masabata amenewa amakwera mtengo koopsa ndipo amatha msanga, choncho alendo ambiri amagona m'mizinda ina monga Augsburg, ndipo oterowo ayenera kudziwiratu nthawi ya sitima yomaliza asanaitanitse chikho choyamba.