Njinga ya agogo a matumba 9

Popeza a ku Ulónguè mwayamba kale kunditcha "injiniya wa matumba 9", lekani ndifotokoze ndekha musanaithire mchere wambiri.

Inde, njinga ya mlimi wokolola mbatatesi zambiri m'gulu lathu inapita kwa agogo amene anakolola matumba 9. Inde, amalume anga enieni, a matumba 120, anali pa benchi yakutsogolo atavala jekete ya ukwati. Dzinalo linatulukadi mu kompyuta yanga. Koma tamverani kaye.

Ziwerengero za gulu ndimasunga mu R, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera manambala. Vector wamba, mndandanda wosunga zinthu za mtundu umodzi, ndinamukana dala, chifukwa khalidwe lake ndimalidziwa: ukaponyamo liwu limodzi lokha pakati pa manambala, onse amasanduka mawu. Ndiye ndinapanga class yangayanga, ndiko kuti mtundu wangawanga wa data, pamwamba pa list, mndandanda wolandira chilichonse, n'kuitcha "zokolola". List ili ngati mayi wa pamaliro, aliyense wobwera amamupatsa mbale osafunsa kuti ndi mwana wa yani. Panafunika method, malangizo olowetsera zinthu mu list, ya `[[<-` yoima pakhomo n'kumafunsa chilichonse cholowa kuti "kodi ndiwe nambala?" Imeneyo ndinati ndidzalemba mvula ikatha.

Tsono alembi athu anaphunzira m'Chipwitikizi ngati tonsefe, ndipo kuno 12 ndi theka timalemba 12,5. R amafuna 12.5. Kakoma kameneko kanachititsa kuti zokolola za bambo wina zilowe ngati mawu, ndipo list inalandira osatsokomola n'komwe. Pa tsiku la mphoto ndinayala zonse pamodzi ndi unlist, liwu limodzi lija n'kupatsira anzake onse. Kenako max, yosankha chachikulu pa zonse. Mawu sayerekezedwa ndi kukula kwa nambala, amayerekezedwa chilembo ndi chilembo, kuyambira choyamba. "120" amayamba ndi 1. "85" amayamba ndi 8. Pamwamba pa onse panakhala "9".

Apulezidenti a gulu atawerenga dzinalo, bwalo linangoti zii. Agogo anacheuka kumbuyo kuona ngati pali wina wa dzina lawo. Kulibe. Anadziloza pachifuwa. Apulezidenti anayang'ana ine, ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu, poti kompyuta yanena. Apo ndiye nthungululu zinaphulika, zomveka mpaka ku Dedza. Agogo anataya ndodo. Munthu amene amadandaula bondo chaka chonse anavina ngoma kuzungulira njingayo, n'kuimirira, n'kuliza belu, n'kuyambiranso. Belu analiza kambirimbiri, akuyang'ana amalume. Kenako anapempha kulankhula, n'kuyamba kulangiza achinyamata za kathiridwe ka manyowa. Amalume anangovula jekete, kuipinda bwinobwino, kuiika pamwendo. Atatero anandiitana ndi chala chimodzi.

"Mphwanga, kusukulu kwanuko 9 ndi 120 wamkulu ndani?"

"Amalume, zimatengera mtundu wa data."

Yankho limenelo ndi loona mpaka lero, kungoti si la pamaso pa anthu.

Inu amene mukuseka, dziwani kuti ndikanakhala kuti ndimaphatikiza ndi sum, R akanakana pomwepo, chifukwa sum salola mawu. Koma max amalola, osachenjeza ngakhale pang'ono. Amene anayambitsa R ku Auckland, a Ross Ihaka ndi a Robert Gentleman, ndiwo akafunsidwe zimenezo, osati ine. Komanso alipo akatswiri amene anachita kulemba package yonse ya vctrs, momwe vec_cast amakaniratu kusandutsa mawu kukhala nambala mwakachetechete. Ngati anthu otero anaona kuti pali dzenje, ine wa ku Angónia ndikanalilumpha bwanji? Ndiponso apulezidenti ali ndi maso. Matumba a amalume anadzaza ngolo anthu akuona.

Njinga sinabwezedwe. Ndani angalande njinga kwa agogo amene avina kale? Sakwera n'komwe, mdzukulu wawo ndiye amanyamulira mbatatesi kupita nazo ku Calómue, ndipo akamadutsa pa nyumba ya amalume amaliza belu.

Method ija ndalemba tsopano, chilichonse cholowa chimadutsa kaye mu as.numeric, yosandutsa mawu kukhala nambala. Kungoti as.numeric akaona "12,5" amabweza NA, kutanthauza kuti nambala palibe, ndiye m'kaundula bambo uja chaka chino wakolola NA. Sindinawauze.