Zikomo anzanga a ku Delft, ku Netherlands

Uthenga woti bambo atisiya unandipeza ndili mu labotale, kutatsala masiku awiri kuti ndiyambe kuyesa kaphiko ka ndege ka kafukufuku wanga mu wind tunnel. Makina opemerera mphepo amenewa timachita kuwalimbirana, ukaphonya sabata yako umadikira mpaka kalekale.

Sindinapemphe kanthu, mutu unali utaima. Mnzanga wa ku India anandigulira tikiti ndi khadi lake, nandiperekeza pa sitima mpaka ku bwalo la ndege la Schiphol. Bambo ena okonza makina, amene sangakonde kutchulidwa, anamangirira okha kaphiko kanga pa sikelo yoyezera mphamvu. Atsikana awiri a m'gulu lathu ankasinthana, kupendeketsa phikolo digiri imodziimodzi, kulemba mphamvu yonyamula ndi yokokera m'mbuyo, mpaka pamene mphepo imalekana ndi msana wa phiko, timaulusi tomatidwapo n'kuyamba kuvina chisawawa. Anajambulanso vidiyo osauzidwa, podziwa kuti kafukufuku wanga wagona pomwepo. Komatu nawonso anali ndi mayeso awo sabata yomweyo.

Chifukwa cha inu ndinafika ku Dedza mwambo wa maliro usanathe. Ndinaponya nawo dothi. Ndinakhala pakhonde ndi amayi masabata awiri, osatsegula laputopu ngakhale kamodzi.

Nditabwerera ndinapeza manambala onse ali m'kompyuta, atasanjidwa bwino kuposa mmene ndikanachitira ine mwini. Mwezi watha ndapereka thesis, lipoti la kafukufuku wanga uja. Patsamba loyamba pali dzina la bambo, amene ndege ankangoziona zikudutsa m'mwamba iwo ali kumunda. Zikomo kwambiri, abale anga.