Miyezi inayi pa Breede ndi ndodo ya fly

Usiku wapitawu ndinatsegula kabuku komwe ndimalembamo za usodzi wanga, n'kubwerera ku masamba a Okutobala. Maulendo asanu oyamba pa mtsinje wa Breede, chakumtunda kwa tauni ya Robertson ku Western Cape, m'dziko la South Africa, onse ndinalemba mawu amodzimodzi: chimanjamanja. Lamulungu lapitali ndagwira nsomba zinayi za mtundu wa smallmouth bass dzuwa lisanakwere, yaikulu yake masentimita 38. Ndodo ndi yomwe ija, ya 6-weight (nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe chomwe imaponya) yotalika mafiti 9, ndipo dziwe ndi lomwe lija.

Ine ndinakulira ku Liwonde, komwe kuwedza kunali kukumba nyongolotsi, kuponya mbedza mu Shire, n'kukhala pansi kudikira mlamba. Pa fly palibe nyambo yeniyeni. Ndi nthenga ndi ubweya zomangidwa pa mbedza ndi ulusi, zopepuka moti simungaziponye pazokha. Chimene chimaponyedwa ndi chingwe, chomwe n'cholemera, ndipo fly imangotsatira pambuyo. Mwezi wonse woyamba maganizo anga anathera pa chingwecho. Ndinkafuna chifike tsidya lina, ndipo chikangotera ndinkakoka mofulumira kuti ndiponyenso.

Amene anandiwongola ndi mnzanga wina wa ku Zomba, yemwe anaphunzira ntchitoyi pa nsomba za trout za pa phiri kwawoko. Anakhala pa mwala kundionerera kwa kanthawi, kenako anati, "Achimwene, mukuthamangira kuti? Nsomba ili pamapazi panu pomwepo." Anandilozera pamene madzi othamanga amagunda mwala waukulu n'kusiya kadziwe kodekha kuseri kwake, mamita osaposa 8 kuchokera pomwe ndinaima. Smallmouth imakonda miyala ndi madzi oyenda. Imabisala pamalo odekha, n'kumadikira chimene madzi abweretse.

Chachikulu chomwe ndaphunzira ndi kuima. Fly yomwe ndimagwiritsa ntchito kwambiri ndi Clouser Minnow, yomwe Bob Clouser anaipangira nsomba yomweyi pa mtsinje wa Susquehanna ku Pennsylvania. Ili ndi timaso tachitsulo kumutu. Mukakoka chingwe imanyamuka, mukasiya imagwa chamutu ngati kansomba kovulala, ndipo timaso timeneti timaitembenuza kuti nsonga ya mbedza iloze m'mwamba, isakole miyala. Ine ndinkakoka osalekeza, choncho fly sinkagwa n'komwe. Tsopano ndikaponya ndimawerenga mpaka 5 kuti imire, ndimakoka kawiri pang'onopang'ono, kenako zii. Pa nsomba zinayi za Lamulungu, zitatu zinadya pa nthawi ya ziiyo. Simumva kugunda kwamphamvu ayi. Chingwe chimangouma, kapena nsonga yake imapotokera mbali pang'ono, ndipo ngati maso anu ali kwina nsomba imalavula musanadziwe.

Kukoletsa mbedza nakonso kunandivuta. Dzanja lozolowera ndodo ya nsungwi limafuna kutukula ndodo m'mwamba, ndipo mu Novembala ndinataya nsomba ziwiri zabwino chifukwa cha zimenezi. Zonse zinalumpha kamodzi, kugwedeza mutu, fly n'kubwerera kwa ine. Pano ndimasiya ndodo ikuloza kumadzi, n'kukoka chingwe mwamphamvu ndi dzanja lamanzere. Ndodo ndimaitukula mbedza italowa kale. Ya masentimita 38 ija inalumpha katatu koma sinachoke. Nditaigwira pamlomo ndinaiyang'anitsitsa: thupi lofiirira ngati mkuwa, mizere yakuda yotsika m'nthiti, diso lofiira, ndi nsagwada yothera pansi pa diso, osapitirira ngati ya largemouth, mtundu wina wa bass.

Imodzi ya mu Disembala ndinapita nayo kunyumba, ndipo poitumbula ndinapeza zigoba za nkhanu m'mimba. Kuyambira tsiku limenelo ndimanyamulanso fly ina yotchedwa Woolly Bugger, yofiirira, yolemera, yomwe ndimaikwawitsa pansi pakati pa miyala. Tsiku limene nsomba sizikuthamangitsa kanthu, imeneyi ndiyo imandipulumutsa, ngakhale yambiri imatsalira m'miyala momwemo.

Za mphepo ndingonena mwachidule. Chilimwe cha kuno chimabwera ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, mbali yomweyo imene mwera amachokera pa nyanja kwathu, ndipo ikayamba masana chingwe sichiwongoka. Nthawi zambiri ndimafika pamtsinje 5 koloko m'mawa, pofika 10 koloko ndanyamuka.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandilemera mumtima ndikamaisirira nsomba imeneyi. Si ya kuno. Kwawo ndi ku North America, ndipo inabweretsedwa ku South Africa mu 1937 kuti anthu aziwedza. Italowa m'mitsinje ya Western Cape inadya ana a nsomba za mbadwa, monga witvis ya mu Breede ndi Berg, tinsomba totchedwa redfin, ndi Clanwilliam yellowfish ya mu Olifants. Miyezi inayi yonseyi sindinaonepo witvis ndi maso anga. Ndikaganiza kuti zoterezi zitachitikira mpasa mu Bua tingamve bwanji, ndimamvetsa chifukwa chake anthu ena kuno safuna n'kumva dzina la bass. Ine chiphaso changa chowedzera cha CapeNature, bungwe losamalira zachilengedwe kuno, ndili nacho, sindinyamula nsomba yamoyo kupita nayo ku madzi ena, ndipo ndikafuna ndiwo sindichita manyazi kutenga imodzi kapena ziwiri. Nyama yake ndi yoyera, yolimba, ndipo yokazinga imayenda bwino ndi nsima.

Chomwe chatsala pa mndandanda wanga ndi kugwira pamwamba pa madzi. Popper, fly yoyandama yomwe imathovola madzi mukaikoka, ndayesa kawiri madzulo m'mbali mwa bango. Ulendo wachiwiri nsomba inaphulika pansi pake, madzi n'kuthovoka, koma ndinakoka isanatseke pakamwa. Mnzanga uja akuti ndizidikira mpaka ndimve kulemera kwake m'dzanja. Ndagula ulusi, mbedza za saizi 4 ndi ubweya wa mchira wa gwape, ndipo Clouser zitatu zoyamba kumanga ndekha zili pa tebulo, guluu akuuma. Loweruka ndiyamba ndi yoyera ndi yobiriwira pa mwala uja, ndipo dzuwa likapendeka ndidzatsikira ku bango ndi popper.