Sabata yofesa mbewu zamasamba kuchigwa

Meyi akalowa, mlangizi wa zaulimi kuno kuchigwa cha Shire sakhala pansi. Mvula yatha, madzi osefukira abwerera mumtsinje, ndipo kutentha kuja komwe mu Okutobala kumadutsa madigiri 40 ku Ngabu kwatsika. Mpiru, repu ndi kabichi zimafuna nyengo inoyi. Wofesa mochedwa, kutentha kutayambanso, mbande zake zimatha kupsa zisanafike pookera.

Sabata yathayi ndinali ndi gulu la amayi m'mudzi wina chakufupi ndi Nchalo. Angapo mwa iwo minda yawo ya kumtsinje inakwiririka ndi mchenga pa namondwe Freddy mu 2023, ndiye akufuna timadimba tapakhomo toti ndiwo zisamasowe.

Lolemba sitinakhudze mbewu. Tinayamba ndi madzi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo ukayang'ana pomwe amatayikira umaona dothi layera pamwamba. Mayi wina wachikulire anandifunsa kuti, "A Alangizi, ife timamwa omwewa, ndiye mpiru ukane bwanji?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, inu mwakula nawo, koma kambande ka masiku atatu mizu yake imapsa." Tinagwirizana kuti nazale ikhale imodzi ya gulu lonse, pafupi ndi chitsime cha madzi abwino, aliyense adzatenge mbande zitakhwima. Amene adzathirire a pamjigo kunyumba ndinawauza kuti azithirira ambiri nthawi imodzi kuti mchere utsike pansi. Kuwaza pang'onopang'ono kumaunjika mchere pamizu pomwe.

Ntchito yeniyeni inali Lachiwiri. Bedi tinalipanga lotambalala mita imodzi kuti dzanja lizifika pakati osaliponda, ndiponso lolowa pansi pang'ono, osati lokwera ngati a ku Thyolo, chifukwa kuno chinyezi sichichedwa kuthawa. Tinasakaniza dothi ndi manyowa a ng'ombe owolerana, akuda, osanunkha. Ndowe zaziwisi zimawotcha mbewu komanso zimaitana chiswe.

Pofesa m'pomwe nazale zambiri zimawonongekera. Njere ya mpiru ndi yaing'ono zedi, munthu akaitsina imagwa mulu pamalo amodzi. Tinazisakaniza ndi mchenga wouma m'mbale, n'kukanda timizere ndi chala, tosazama kupitirira sentimita imodzi, totalikirana ngati chikhatho. Tinakwirira ndi dothi losefa, kuyala udzu wouma wopanda njere, kenako kuthirira pamwamba pa udzuwo ndi chitini chobowolabowola ndi msomali, popeza keni palibe amene ali nayo. Mbande zikamera mothithikana zimatalika n'kuwonda, tsinde limawola pomwe lakhudzana ndi dothi, ndipo m'mawa umodzi umapeza mzere wonse wagona. Anthu amathamangira kunena kuti mbewu inali yoipa, pomwe vuto ndi kuthithikana ndi madzi ochuluka.

Mbewu yoipa iliko ndithu. Paketi ina ya tomato yogulidwa pamsika inali yofwifwa ndi dzuwa, tsiku lake losawerengeka. Sindinalole kuti ilowe m'bedi. Tinakulunga njere 10 m'kansalu konyowa, tiziwerenga sabata ino: zikamera zosakwana 7, agule ina. Therere ndi nkhwani ndinawaletsa kuika panazale. Izi zimadzalidwa pamalo pake pomwepo. Bonongwe ndi luni, zomwe ena amaziona ngati ndiwo za osauka, ndi zomwe zidzatsale zobiriwira repu akadzafooka ndi kutentha, ndiye ndinakakamira kuti zipatsidwe mizere yawo.

Lachitatu ndi Lachinayi zinapita ndi mpanda wa mabango ndi minga, pamodzi ndi mkangano wa mbuzi. Amfumu anagamula kuti mwini mbuzi yolowa m'dimba la gulu azilipira mbewu. Tiona ngati zitsatidwe, poti khola lalikulu m'mudzimo ndi la mlamu wawo.

Loweruka m'mawa mpiru unali utatulutsa timitu. Tinachotsa udzu n'kuukweza pakatsindwi kofika m'bondo kuti dzuwa la masana lisawombe mwachindunji. Udzuwo azidzaupungula pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere. Mpiru ndi repu tidzaokera pakatha masabata anayi, madzulo, zili ndi masamba anayi kapena asanu. Anyezi ayembekeze mpaka Julaye.