Ufa wa tirigu pa mipiringidzo ya ku Xi'an

Mu Seputembala 2021, pamene chigawo cha Shaanxi chinkachititsa Masewera a Dziko Lonse la China a nambala 14, ndinali ndikuphunzira mumzinda wa Xi'an, ndipo madzulo ndinkakhalira kuonera mpikisano wa jiminasitiki pa kanema wa zamasewera wa CCTV-5. Mpikisanowu umachitika kamodzi pa zaka 4, ndipo zigawo zimalimbirana mendulo mwamphamvu moti ngakhale katswiri wobwera ndi golide wa Olimpiki amatuluka thukuta. Amene ananditenga mtima anali Zou Jingyuan wa ku Sichuan, yemwe mwezi wapitawo anali atapambana pa Olimpiki ya ku Tokyo ndi mapointi 16.233 pa mipiringidzo iwiri yoyendera limodzi. Ankaimirira chadodolido, miyendo ili nji, nkhope yosaonetsa n'komwe kuti akuvutika.

Chimene ndinaona ine, mwa nzeru zanga, chinali ufa woyera umene ankapaka m'manja asanakwere, ndipo ndinatsimikiza kuti chinsinsi chagona pamenepo. Ufawo ndi magnesium carbonate, ndipo ntchito yake ndi kuyamwa thukuta kuti manja asaterereke. Popeza ndinalibe, ndinatapa ufa wa tirigu kukhitchini, n'kulunjika kupaki ya pafupi kumene madala opuma ntchito amachitira masewera olimbitsa thupi m'mamawa.

Madalawo anandipatsa mpata mwaulemu. Ndinapaka ufa mpaka m'zigongono, ndinawomba m'manja kuti fumbi lituluke monga amachitira akatswiri, kenako ndinakweza dzanja limodzi kupereka moni kwa oweruza amene kunalibe. Kukwera kokha kunayenda bwino. Koma ufa wa tirigu ukakumana ndi thukuta suyamwa kanthu, umangosanduka phala, ndipo nditayamba kugwedeza miyendo kuti ndiimirire chadodolido, manja onse awiri anatsetsereka nthawi imodzi, lililonse kulowera kwake. Ndinatsala ndili lende, mipiringidzo itandikola m'khwapa, mwendo umodzi utakwera pamwamba pa chitsulo popanda chilolezo changa. Pamenepo thalauza linalankhula kuti kwee, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo ngakhale amayi amene ankavina chapatali anatembenuka.

Madala awiri anandinyamula n'kunditsitsa, akuyesetsa kubisa kuseka. Wachitatu, gogo wa imvi mutu wonse, anaika botolo lake la tiyi pansi, anapukuta phala langa ndi kansalu, ananunkhiza kansaluko, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadumphira pa mipiringidzoyo, anaimirira chadodolido osagwedezeka, ndipo ali chomwecho anapitiriza kucheza ndi anzake nkhani imene inadukizidwa ndi kugwa kwanga.

Nditamanga jekete m'chiuno kuti ndizipita, gogoyo anandiitana n'kundionetsa zala ziwiri. Mnzanga wa ku China amene ndinamufotokozera madzulo ake anati mwina anali mapointi anga, koma anawonjezera kuti kwa oweruza enieni kugwa kamodzi kumachotsetsa pointi yathunthu, choncho gogoyo anandikomera mtima kwambiri.