Rekoda ya pafoni inandithandiza kuti mwana azimva zomwe akuwerenga

Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 3 kuno ku Senga Bay, kuwerenga amawerenga ndithu, maliwu ndi maphatikizo aja akhala akuphunzitsa chiyambire pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016 amawadziwa bwinobwino, koma ukamufunsa kuti tandiuza nkhaniyi ikukamba chani amangokuyang'ana. Mawu akutuluka pakamwa koma mmutu simukutsala kanthu. Zinkandiwawa kwabasi.

Ndiye ndinayamba chonchi. Ndinalemba ndekha mukope nthano ija ya kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime, ziganizo 12 basi. Madzulo titadya anawerenga kawiri kenako tinatseka kope. Ndinatsegula rekoda pa ka Itel kanga, iyi sifuna bandulo ayi, nkumuuza kuti tandifotokozera mmene waimvera. Iye "padangotelo", mng'ono wake "tili tonse".

Yoyambayo siinafike ndi theka la mphindi lomwe. Kalulu anaba madzi, anamugwira, yathera pompo. Ine pakamwa panandiyabwa kuti ndimukonze koma ndinadzigwira, ndinangoseweretsa kuti adzimvere yekha. Poyamba anagwa nako kuseka atamva mawu ake, kenako anangoti zii, nkunena kuti "Amayi, nanga anamugwira ndani? Sindinatchule." Anatsegula yekha kope, chala chili pamzere uliwonse kusakasaka mpaka anamupeza fulu. Apa mpamene ndinaona koyamba akuwerenga chifukwa pali chomwe akufuna kudziwa, osati kungomaliza tsamba. Makolo anzanga, pamenepa musafulumire kuyankha, msiyeni aupeze yekha mpatawo. Kujambula kwachitatu nkhani inali ndi mutu ndi mchira.

Sabata yotsatira ndinamuuza kuti nkhani yomweyi isamukire kunyanja. Eee apa ndiye zinakoma. Kalulu wake anakana kukoka nawo khoka koma usiku ankabwera kudzaba usipa pathandala, ndipo uchi uja ankapusitsira alonda anausintha kukhala mandasi. Ndinamufunsa kuti bwanji mandasi, akuti chifukwa fisi ndi wadyera, chilichonse chotsekemera akhoza kulola kumangidwa. Mwana sangasinthe chonchi ngati sanamvetse kuti uchi uja unali wonyengerera, ndiye ine ndimati kusinthaku ndi mayeso abwino kuposa mafunso aja a "tchulani nyama zitatu".

Tinaonjezeranso zithunzi. Amajambula zinayi ndi makala pamakatoni, ine ndimazitola ndi kamera nkumamuonetsa mosokoneza, iye azinena chomwe chikuyamba ndi chomwe chikutsatira.

Zovuta zinalipo. Tsiku lina tinajambulira pakhonde nthawi ya mwera, kumvetsera mwake munali mphepo yokhayokha, mwana analira poti anali atafotokoza bwino tsiku limenelo. Panopa timajambulira mnyumba, foni ili patebulo osati mmanja mwake. Memori nayo imadzaza msanga, ndimasunga yoyamba ndi yomaliza ya nkhani iliyonse, zinazo kufufuta.

Yomalizayo ndikapeza bandulo timatumiza pa WhatsApp kwa bambo ake ku Johannesburg, ndipo ndinawapempha kuti asamangoti wakhoza, azifunsa funso limodzi. Ulendo wina anafunsa kuti kodi fulu bwanji sanapusitsike ngati anzake aja? Anagona nalo funsolo, mmawa asanapite kusukulu anayankha yekha kuti fulu sanalankhule naye kalulu nkomwe, anangobisala phee nkumugwira mwendo.

Papita miyezi iwiri tsopano. Dzulo wabwera ndi buku la Chichewa la kusukulu, nkhani yake sinthano ayi ndi ya ukhondo wapakhomo, akuti "Amayi, foni ili ndi moto? Ndikufuna ndiifotokoze ngati ndine wa pawailesi." Batire linali pa 9, tinajambula.